Batire Linali M'nyumba

Galimoto ya ba Salome inali ndi vuto limodzi. Ikazizira inkalira bwinobwino, koma ikatentha n'kuizimitsa, inkakaniratu kuliranso. Anaisiya kwa Dingani, makanika wa ku Chawama, n'kumupempha kuti achite changu poti ndiyo inkatengera amayi awo kuchipatala.

Dingani anachotsa batire n'kulisunga m'nyumba kuopa akuba. Mdima utangogwa, analinyamula kuti akayese injini ikadali yozizira.

Atagwira boneti, anachotsa dzanja msanga. Chitsulocho chinkawotcha ngati galimoto yangofika kumene kuchokera ku Kafue. Matayala anali ndi matope aawisi, chonsecho mvula inali isanayambe.

Anaika batire pansi n'kuimba foni.

"Ba Salome, muli na kiyi ina?"

"Awe. Ina inayenda na amuna anga m'bokosi la maliro. Tinaiwala kuichotsa m'jekete."

Dingani anayang'ana batire lija pafupi ndi mapazi ake. Pomwepo sitata inayamba kukoka, guu, guu, injini n'kukana. Galasi la kwa dalaivala linatsika pang'ono.

"Ba makanika," anatero mawu a mwamuna mkatimo, "yayambanso. Kankhankoni."