Anatseka Zenera Kuti Aneba Asamve Fungo

Bambo, nkhani yanuyi ndiinena ngati ya munthu wina, chifukwa ndikati ndilembe kuti "bambo anga" dzanja likukana. Koma amene anadya adzizindikira okha.

Panali munthu wina, dalaivala wa malole wopuma pa ntchito, amene ankanyadira chinthu chimodzi: kuotcha nyama ya nkhumba mu uvuni. Ankayamba dzulo lake. Ankaiboolaboola ndi nsonga ya mpeni, n'kuipaka adyo, jinja, mandimu, tsabola, mchere ndi uchi pang'ono, n'kuigoneka mu furiji. Kukacha inkalowa mu uvuni pamoto wochepa, iye ali pakampando, supuni m'manja, kumaithira msuzi wake womwe kuti isaume.

Abale ankaidziwa nyama imeneyi. Iye akadwala sankaoneka, koma ikakhala nkhumba ankafika asanaitanidwe.

Tsiku limenelo anabwera atatu: mng'ono wake, mchemwali wake, ndi mlamu wake, mwamuna wa mchemwaliyo. Nyama itangoyamba kufiira, magetsi anazima. Mkazi wa wophikayo anali pakhomo, akupita ku ntchito.

"Bambo, mukafuna makala, mukamalizire panja," anatero mkaziyo. "Khitchini iyi ndi yaing'ono. Mbaula isalowe muno."

"Ndamva, mayi."

Mkaziyo atangokhota, mng'ono uja anayamba.

"Achimwene, panja? Nyumba zogundanagundana zino? Fungo likangotuluka, aliyense abwera kudzapempha mchere."

"Nyamanso ndi yochepa iyi, alamu," anatero mlamuyo. "Ikani makala amoto m'chiwaya, mulowetse pansi mu uvunimo. Mbaula ikhale pambali, muziwonjezera. Ine kwathu ndimatero."

Mlamu ameneyu anali asanaphikepo ngakhale dzira.

"Koma mayi akuno anena kuti..."

"Iii, achimwene!" anadula mchemwali wake. "Munayendetsa malole usiku ndi usana, lero mukuopa khala chifukwa mkazi wanena?"

Munthu uja sanafune kusekedwa ndi ang'ono ake. Anakoleza mbaula, n'kuilowetsa. Mchemwali wake anatseka zenera ndi dzanja lake. Mng'ono wake potuluka anatseka chitseko, n'kutsekanso mpata wapansi ndi chiguduli, akuti aneba asanunkhize.

Iye anakhala pakampando kake. Anathira msuzi, n'kutembenuza nyama. Mutu unayamba kulemera, iye n'kumati ndi kutentha. Utsi munalibe, makala anali atayaka bwino, ndiye aopenji? Sankadziwa kuti mpweya wa makala suoneka ndipo sununkha. Anati aimirire, miyendo inakana. "Ndingotsamira pang'ono," anaganiza, "ndikamadzuka ikhale itapsa."

Pabalaza anali pa makadi, kuseka mpaka kugwirana mapewa.

"Achimwene, yapsa?"

Zii.

Njala itawawa, mlamu uja anakatsegula. Anapeza wophika watsamira kabati, supuni ili pansi.

"Agona akuluakulu! Ukalamba ndi umenewu."

Anawalumpha miyendo, n'kutulutsa thireyi ya nyama, n'kutsekanso chitseko kuti asawasokoneze tulo. Anadya. Mchemwali uja anati, "Tiwasiyireko kachidutswa." Mng'ono anayankha nyama ili m'kamwa, "Wophika amakhuta ndi fungo." Onse anaseka.

Mwana wa munthu uja anafika dzuwa litapendeka, akuchokera ku galaja kumene ankagwira ntchito. Anawapeza akutokosa m'mano.

"Bambo ali kuti?"

"Akupumula m'khitchinimo. Wachedwa, mwanawe, yatha."

Atatsegula chitseko, mutu unamuzungulira pomwepo. Anaswa zenera ndi chigongono, n'kukokera bambo ake panja, akukuwa. Amene anathamangira kudzathandiza anali aneba. Amene anapereka galimoto anali aneba. Thupi linali lofunda, mwanayo n'kumati pali chiyembekezo, osadziwa kuti kufundako kunali kwa uvuni.

Kuchipatala dokotala anapukusa mutu. "Akanatulutsidwa msanga kumphepo, mwina tikanalankhula zina."

Apo ndi pamene azakhali a mwanayo, mchemwali uja, anadzigwetsa pabenchi n'kuyamba kulira mokweza.

"Ife timayesa akugona! Pomwe amuna anga amatenga nyama, akuti ankapuma ndithu, mkonono ukumveka!"

Mwamuna wawo anawatsina, koma mawu anali atatuluka kale. Mwanayo anamva. Amayi ake, amene anali atangofika ndi yunifolomu ya kuntchito, anamvanso. Munthu anali moyo. Anamulumpha ali moyo, n'kumutsekeranso.

Poika maliro panabwera madalaivala akale, ena oyendera ndodo. Panabwera aneba onse, omwe aja anatsekeredwa zenera, ndipo bokosi ananyamula ndi iwowo. Atatu aja sanaoneke. Wina akuti galimoto inawonongeka. Wina akuti magazi anakwera. Wina anangozimitsa foni. Thireyi anaisiya patebulo yosatsuka, mafupa ali momwemo.

Phunziro: Makala amoto asalowe m'chipinda chotseka, kaya magetsi azima, kaya alendo akufa ndi njala. Munthu ukamupeza wagona pafupi ndi mbaula, usamati watopa, mukokere panja ndi kuthamanga naye kuchipatala. Ndipo mkazi wako akakuchenjeza, usamvere amene abwera ndi mimba zokha. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene muli naye mu foni, iyende mpaka iwapeze kumene abisala amene sanabwere kudzaponya dothi: inu bambo aang'ono, amene munatseka pansi pa chitseko, inu azakhali, amene munatseka zenera, ndi inu amuna awo a azakhali, amene munalumpha miyendo ya bambo anga.