Mitengo ya Golo

Fakitale yathu ya nsalu ku Lancashire itatsekedwa mu 1887, timu ya mpira inabalalika. Ndinapita ndekha kukazula mitengo ya golo, anthu asanaisandutse nkhuni. Kale tinkanyamula awiriawiri kukaisunga kuseri kwa bala.

Kunali kutada. Ndinkakwekwereza mtengo umodzi m'chifunga, ukulira pamiyala yamumsewu.

Kenaka unasiya kulira, kumbuyo kunapepuka. Ndinamva nsapato zamatabwa, phazi limodzi likutsalira.

"Pang'onopang'ono, Enoch. Waiwala mwendo wangawu?"

Anali mawu a Jabez, goloboyi wathu, amene bokosi lake la maliro ndinanyamula nawo chaka chatha. Sindinacheuke.

"Timu inatha, Jabez," ndinatero.

"Inatha ndi yakoyo. Yathu ikuperewera munthu mmodzi. Usakhotere kubala, lunjika kumtunda."

Kumtundako kuli manda okha, ndipo mtengo uja unayamba kundikankha.