Mwamuna wa M'mphepete mwa Chithunzi

Wojambula zithunzi anafika kunyumba kutada, atagula lenzi yatsopano, yokoka zakutali ndi zam'mbali zomwe. Mtima sunamulole kudikira kuti kuche.

"Amayi a mwana, taimani pakhondepo ndiiyese."

Chithunzi chinatuluka bwino, khonde lonse mpaka kumpanda. Koma cha kumphepete, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, panaima mwamuna wamtali, maso ali pa mkazi wake.

Nsanje inamugwira. "Ameneyu ndani?"

"Uti? Ndilitu ndekha, bambo."

Anakweza maso, pabwalo panalibe munthu. Anajambulanso. Pachithunzi chatsopanocho mkaziyo anali atatsamira pachifuwa cha mwamunayo, akumwetulira mmene sanamumwetulirepo iye chikwatiranire.

"Musaleke, bambo," anatero mkaziyo chapansipansi. "Tijambuleninso."