Malaya Abuluu

M'khoti, mayi wina anali atagwira kale cholembera kuti asaine chikalata chomupatsa mphamvu zosankhira achimwene ake chilichonse. Achimwenewo, a zaka makumi anayi, anabadwa ndi mutu wochedwa kugwira zinthu.

Koma woweruza anatembenukira kwa eni akewo. "Bambo, inuyo mukufuna zotani?"

Mayiyo anatsegula pakamwa kuti awayankhire monga mwa masiku onse, kenako anadzigwira. Kodi anena chiyani? Zaka zonsezi anali asanawafunsepo.

"Pamankhwala azindithandiza achemwaliwa, ndimasokoneza," anatero achimwenewo, akufinya chipewa m'manja. "Koma malaya ndizisankha ndekha. Abuluu amandinyansa."

Mayiyo anayang'ana malaya abuluu omwe anawasitira m'mawawo. Anakokera mpando wake pafupi ndi achimwenewo.

"Nanga china n'chiyani, achimwene?"