Goloboyi wa Mphasa United

Mpira utadutsanso pakati pa miyendo ya goloboyi, a Binali anavula chipewa n'kupukuta nacho thukuta. Pambali pawo, pa benchi ya bwalo la ku Senga Bay, a Kachingwe anaseka mpaka kutsokomola.

Munali mu 1984. A Kachingwe anali ndi esiteti ya fodya ku Mchinji, yothera m'malire a Zambia, ndipo ankafuna timu yoti itchukitse dzina la esitetiyo. A Binali, ogulitsa nsomba zouma, ndiwo anali eni Mphasa United. Anaiyamba ndi mpira wachikulunga n'kuilera mpaka kulowa mu ligi ya chigawo chapakati. Tsikulo ankaigulitsa, ndipo anyamata ankasewera okhaokha kuti wogula aone katundu.

"Mwati K900, a Binali? Majezi othethekawa? Nsapato zobwerekanazi?" anatero a Kachingwe. "Ndipereka K600, chifukwa cha malo a mu ligi basi. Koma goloboyiyo mutsale naye. Ameneyo ndi dengu lobooka."

A Binali anayankha msanga. "Musa ndi wabwino, bwana. Wangodzuka ndi malungo."

"Malungo a m'manja?"

"Perekani K500, koma mutenge onse."

A Kachingwe anawayang'ana cham'mbali. Munthu wodzitsitsira yekha mtengo ndiye kuti madzi afika m'khosi. Anadzuka n'kuyamba kusasa fumbi pa buluku ngati akupita.

A Binali anawagwira mkono ndi manja awiri. Munthu wa imvi zake, pamaso pa anyamata amene ankamutcha bambo, mawondo ali pang'ono kufika pansi.

"K300. Mipira, maukonde a pagolo, chikho cha chaka chatha, tengani zonse. Wallahi, sindionjezera kanthu. Pempho langa ndi limodzi: anyamatawa anyamuke lero lomwe pa lole yanu, onse, majezi ali m'thupi. Ndikagona nazo mtima ubwerera."

A Kachingwe anatambasula dzanja akumwetulira ngati munthu wotola nkhwangwa ndi mpini womwe. Goloboyi mmodzi wachabechabe akanatha kukamupatsa khasu kuesiteti.

Dzuwa lisanapendeke, lole inali italira. Anyamata anakwera akuimba nyimbo ya timu ndi kuomba m'mbali mwa lole. Musa anakwera pomalizira, kapu ataitsitsira kumaso, anzake n'kumulowetsa pakati. A Binali anakweza dzanja kutsazika, kenako analibweza m'thumba. Anaima pomwepo mpaka fumbi linazilala pa msewu wa ku Salima. Kenako anakhala pansi pa mzere wa phulusa wa bwalo limene tsopano linalibe timu.

Mlongo wawo Hajara anatulukira kuseri kwa mtengo wa mango, mpango atauluma ndi mano.

"Achimwene, wakwera?"

"Wakwera, mlongo wanga. Mawa agona kutsidya kwa malire, inshallah."

Goloboyiyo sanagwirepo mpira chibadwire, ndipo Musa silinali dzina lake. Anali Ramadhani, mwana wa Hajara. Mnyamatayo anali mphunzitsi ku Dedza, ndipo anthu a galimoto yopanda nambala ankamusaka chifukwa cha mawu amene anawalankhula m'kalasi. Pa rodibuloko wapolisi sayang'ana nkhope za anyamata a mpira, amangofunsa kuti apambana zingati.