Dzenje la Muwawani

Ezara ankaphunzira kusakaniza mankhwala pa kachipatala ka mishoni, cha ku Kasina. Tsiku lina adokotala anamutuma kukakumba mizu ya muwawani, kuti aiyeze ngati imachizadi malungo.

A Nankhoma, mayi wodziwa zitsamba, ndi amene anamulozera mtengowo kuphiri. "Ukakumba ukwirire dzenjelo, mwananga," anatero. "Mtengo sugona chilonda chili pamtunda."

Ezara anangosekera mumtima. Anakumba mpaka mdima unagwa, nkhungu itakuta phiri. Anaponya mizu m'thumba n'kutsika, dzenje lili yasaa.

Ali pakati pa minda ya kachewere, anamva khasu kumbuyo kwake. Khu! Khu! Iye ataima, nalonso linaleka. Koma khasu la Ezara linali paphewa pake.

Anathamanga. Khasulo linamutsatabe, osayandikira, osatsalira.

Atafika pachipatala anayatsa nyali n'kukhuthulira thumba patebulo. Munatuluka dothi lokhalokha, lonyowa, lofunda.

Kenako khasu lija linayambanso, panja, pansi pa zenera penipeni. Wokumbayo sankafulumira. Ankakumba ngati munthu amene wayeza kale msinkhu wa mwini dzenje.