Kulira kwa Bogi Yomaliza

"Amayi, yatsani nyali yobiriwira. Sitima ya anthu yachedwa kale," anatero bwana wa siteshoni, ataima kumbuyo kwanga.

Sindinachotse chala pa batani la nyali yofiira.

Sitima ya katundu inali itanyamuka kalekale pa njanji yomweyo. Bogi yake yomaliza imakhala ndi kachipangizo kamene kamalira pa wailesi yanga, tswii tswii, kusonyeza kuti zonse zili bwino. Sitima ikalowa kuseri kwa phiri, kulirako kumazilala. Ndamva zimenezi zaka makumi atatu.

Tsikuli sikunazilale. Kachipangizoko kankalirabe mokweza, ngati kali pakhomo.

"Kompyuta ikuti njanji ilibe kanthu," anatero bwana.

"Kompyuta ilibe makutu. Bogi yaduka, yatsala panjira."

"Mukakhala kuti mwalakwitsa, mawa musabwerenso."

"Chabwino, bwana. Koma lero ndilipo."

Panja, mayi wina mu sitima ya anthu ija ankapukuta mwana wake thukuta pafupi ndi zenera. Ndinakankhira bwana foni ndi chigongono.

"Muimbireni woyendetsa sitima ya katundu awerenge mabogi ake. Ine dzanja langa latanganidwa."